Bwana akufuna kubweretsa ma dev atatu projekiti itatsala ndi sabata imodzi, ndiwauze bwanji?

backend_wotopa
Abale ndithandizeni maganizo, mutu waima. Tikupanga app yoti ma driver a kampani ina yonyamula katundu aziona ma oda awo pa foni, kulemba ulendo, komanso kusayinitsa wolandira katundu akafika. Bwana wathu anakalonjeza kwa client kuti masabata 6 zonse zatha, ndipo analonjeza ife tisanaone n'komwe zomwe zikufunika, tinangomva pa meeting kuti "masabata 6 basi, ndawauza kale". Pano tili sabata yachisanu. Login ikugwira, tsamba la ma oda likugwira, koma kusayina pa foni ndi offline mode (kuti app izigwira ntchito kulibe netiweki) sitinayambe, komanso pakati apa client anawonjezera ma report a PDF ndi GPS, bwana anangovomera. Mu timu tilipo anayi. Dzulo akuti abweretsa ma dev (olemba code) atatu a contract kuti tithamange. Ine mtima ukundiuza kuti zingoipiratu koma sindikudziwa ndiwauza bwanji osamveka ngati ndikukana ntchito kapena ndikuchitira nsanje obwerawo. Amene zinakuchitikiraniponi munatani?

error404_tulo
kkkkk offline mode simunayambe ndipo kwatsala sabata imodzi? Achimwene yambani kukonza CV

Mayi_QA
Funso langa ndi limodzi. Pa masabata 6 amenewo testing inapatsidwa masiku angati? Ngakhale yankho ndikulidziwa kale. Plan nthawi zonse imathera pa tsiku lomwe dev walemba mzere womaliza, ngati kuti akangochotsa zala pa kiyibodi ndiye kuti zinthu zikugwira. Kenako Lachisanu madzulo amatiponyera ife ma tester build (app yomwe angomaliza kulumikiza) ati "ingoonani mwachangu, Lolemba tikupereka".

backend_wotopa
Mwalasa amayi. Tester tilibe n'komwe, timayesa tokha tikapeza mpata

gogo_COBOL
Mtima wanuwo sukukunamizani mwana wanga. Nkhaniyi ndi yakalekale. Fred Brooks, amene anayang'anira ntchito yopanga OS/360, software yoyendetsa makompyuta akuluakulu a IBM, anailemba mu 1975 m'buku lake The Mythical Man-Month, ndipo mpaka lero timati lamulo la Brooks, loti ukawonjezera anthu pa projekiti ya software yomwe yachedwa kale umangoichedwetsa kwambiri. Si matsenga ayi. Atatu akubwerawo code yanu sakuidziwa, sakudziwa chifukwa chomwe tebulo la ma oda munalipanga momwe lilirimo, laputopu zawo zikufunika setup, ma password, ma access. Adzafunsa ndani? Inuyo. Munthu amene amalemba code yambiri mu timu ndi amene amasiya kulemba n'kusanduka mphunzitsi, ndipo sabata yanu imodziyo ithera pomwepo.
Kenako werengani njira zolankhulirana. Anthu anayi kuti aliyense azimvana ndi mnzake pali mizere 6. Mukakwana 7 mizere ikhala 21. Tengani chiwerengero cha anthu, chulukitsani ndi chiwerengero chomwecho mutachotsapo 1, gawani pawiri, muona nokha. Ndiye anthu simunafike n'kowirikiza komwe koma mafunso, ma merge conflict (code ya anthu awiri ikagundana) ndi kusamvana zapitirira katatu. Bwana wanuyo akuwerenga manja, sakuwerenga makutu.

frontend_dolo
Agogo ndikutsutsani pang'ono. Lamulo la Brooks anthu amalitchula ngati vesi koma si nthawi zonse. Ife tinachedwapo ndi system ina, anatibweretsera anyamata awiri n'kuwapatsa ma report okhaokha, API (khomo lokokera data mu system) inalipo kale, iwo ankangokoka data n'kupanga ma PDF, sanakhudze code yathu ngakhale pang'ono ndipo zinathandiza zedi. Nde kungoti kuwonjezera anthu n'koipa basi, ayi sindikuvomera

gogo_COBOL
Simunanditsutse, mwandithandiza kumaliza. Brooks yemweyo anasiyanitsa ntchito yogawika ndi yosagawika. Ma report anuwo anali ngati chipinda chapadera chokhala ndi khomo lakelake. Koma taonani zomwe zatsala kwa mnzathuyu. Offline mode si tsamba lomwe ungampatse mlendo. Driver wasayinitsa katundu kulibe netiweki, nthawi yomweyo ku ofesi wina wakansela oda yomweyo, foni ikabwerera pa intaneti mawu omaliza akhala a ndani? Driver akasintha foni data isanatumizidwe? Oda imodzi ikatumizidwa kawiri chifukwa netiweki inaduka pakati? Mafunso amenewa amakhudza database, API ndi app zonse pamodzi, ndipo ena mwa iwo oyankha ndi client osati dev. Mlendo wa sabata imodzi angalowe pati pamenepo?

frontend_dolo
Pa offline ndavomera. Koma ma PDF apatseni mmodzi, osati atatu

PM_wosagona
Ndaona mwayamba kale kumudya bwanayo ali moyo, ndiloleni ndiyankhuleko mbali yathu ife oyang'anira, mundigende pambuyo.
Kulonjeza tsiku osafunsa timu n'kulakwa, sindibisa. Koma client ambiri sasayina contract popanda tsiku, ndipo ukapita kwa ma dev kukafunsa kuti zitenga nthawi yaitali bwanji yankho limakhala "zitengera". Zitengera chani? Ine ndikalembe "zitengera" pa contract? Ndiye munthu amangotchula nambala yomwe client angaikonde, ntchito ipezeke, malipiro atuluke.
Koma chomwe chimandipweteka kwambiri ndi ichi. Projekiti sichedwa pa sabata yachisanu. Inachedwa sabata yachiwiri kapena yachitatu, tsiku limodzilimodzi, ndipo mu timu munali anthu amene ankaona. Ndimafunsa dev m'mawa uliwonse kuti zili pati, iye "chatsala pang'ono". Mawa "chatsala pang'ono". Masiku 9 chinthu chili pa chatsala pang'ono! Akanandiuza tsiku lachitatu kuti bwana apa ndakanirira, ndikanapita kwa client nthawi ilipo, tikanakambirana ngati anthu. Pano ndipita kwatsala masiku asanu, ndikaoneka wabodza. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Achimwene a backend_wotopa ndikufunseni mosabisa, munadziwa liti kuti masabata 6 sakwana, ndipo munauza ndani?

error404_tulo
Ukanena zoona amati ulibe mzimu wa timu. Ukakhala chete amati sunanene. Tilowere kuti a PM?

backend_wotopa
Eeh funso lanu landilowa a PM. Kunena zoona ndinadziwa tsiku loyamba lomwe. Tinadandaula tokhatokha pa gulu lathu la ma dev, tinaseka, koma kwa bwana palibe ananena molunjika. Sabata yachitatu atafunsa ndinati tili bwino tikuthamanga. Ndinkaganiza kuti tikagwira ma weekend awiri tipeza

Mayi_QA
"Tikagwira weekend tipeza" yapha ma projekiti ambiri kuposa ma bug. Code yolembedwa 2 koloko usiku ndi yomwe imabwera kwa ife ili ndi mabowo, n'kubwerera kwa inu, n'kudya masiku omwe mumati mwapulumutsa aja. Paja pali nthabwala ya Tom Cargill wa ku Bell Labs, yoti 90% yoyamba ya code imadya 90% ya nthawi, ndipo 10% yotsalayo imadyanso 90% ina. Muphatikize muona 180. Anthu amaseka koma ndi momwe zimakhaliradi, chifukwa zophweka timayamba nazo, login, ma form, mitundu ya mabatani, zooneka bwino pa demo, zovuta timazikankhira kumapeto. Inu mwachita chimodzimodzi, chinthu choopsa kwambiri mu app yonse ndi chomwe simunachikhudze.

nambala_man
Vuto lomwe a PM atchula la "zitengera" lili ndi mankhwala, kungoti ma dev sitinaphunzitsidwe. Osapereka nambala imodzi, perekani zitatu. Zonse zikayenda bwino masiku angati, mwachizolowezi angati, zikavuta angati. Njirayi ndi ya PERT, yomwe asilikali a pamadzi a ku America anaigwiritsa ntchito cha m'ma 1958 pa projekiti ya mizinga ya Polaris. Mumatenga nambala yabwino, kuphatikiza yapakati kanayi, kuphatikiza yoipa, n'kugawa ndi 6. Mwachitsanzo kusayina pa foni, mukati 3, 5 ndi 13, ndiye 3 kuphatikiza 20 kuphatikiza 13 ndi 36, kugawa ndi 6 mupeza masiku 6. Koma kwa ine phindu lenileni si 6 ameneyo ayi, ndi pamene bwana waona 13 n'kufunsa kuti 13 wachokera kuti. Apo ndi pomwe mumayamba kukamba za zinthu zomwe simukuzidziwa, zoti signature isungidwa ngati chithunzi kapena ayi, zoti mafoni a ma driver ndi akale bwanji.
Komanso kumayambiriro kwa projekiti, musanadziwe bwino zofunika, estimate itha kuphonya mpaka kanayi mbali iliyonse, izi Barry Boehm anazionetsa mu 1981 ndipo pano amazitcha cone of uncertainty. Ndiye masabata 6 otchulidwa munthu asanaone requirements atha kukhala masabata 24 popanda aliyense kuchita ulesi.

chidule_dev
Masamu onsewo a chani akulu. Ine ndimaganiza nambala, ndimachulukitsa kawiri, ndimapereka. Sindinagwidwepo

nambala_man
Simunagwidwe chifukwa masiku owonjezerawo mumawadya nokha kkk. Parkinson ananena kale mu 1955 kuti ntchito imafutukuka mpaka kudzaza nthawi yomwe yapatsidwa. Mukapempha masiku 10 pa ntchito ya masiku 5 mumayamba tsiku lachisanu ndi chimodzi. Komanso bwana akazindikira kuti mumawirikiza amayamba kudula pakati nambala iliyonse yomwe mwapereka, nde aliyense akunamiza mnzake. Bola aliyense apereke nambala yoona, masiku osungira muwaike pamodzi kumapeto kwa plan poonekera, aliyense adziwe kuti awa ndi a pangozi ndipo tadyapo angati.

scrum_masta_wanu
Zonsezi sizikanachitika mukanakhala pa Scrum, njira yogwira ntchito m'zigawo zazifupi zotchedwa sprint. Sprint ya masabata awiri, kumapeto kwake mumaonetsa client chinthu chogwira ntchito, osati ma slide. Pofika sabata yachinayi mukanakhala mutaonetsa kawiri ndipo aliyense, ngakhale client yemwe, akanaona ndi maso ake liwiro lanu lenileni. GPS ndi ma PDF zija zikanalowa mu backlog, mndandanda wa ntchito za mtsogolo, n'kudikira, sizikanagwera pakati pa sprint. Standup, kamsonkhano koimirira ka mphindi 15 tsiku lililonse, ikanagwira "chatsala pang'ono" uja tsiku lachiwiri lomwe.

error404_tulo
Standup ya mphindi 15 munaiona kuti? Yathu imayamba 9 kutha 10:20, tonse titakhala pansi, bwana akufunsa mmodzimmodzi ngati ku polisi

kernel_panic_jr
Kwathu amatiuza kuti story point, nambala yoyezera kukula kwa ntchito, si masiku, kenako manejala amatsegula spreadsheet yake momwe analemba kuti point imodzi ndi tsiku limodzi kkkk. Timakhala ola lathunthu tikuponya makadi 3, 5, 8, 13 kukangana ngati ndi 5 kapena 8, mapeto ake deadline inali itaikidwa kale mwezi watha

frontend_dolo
Ndipo Jira, pulogalamu yolondolera ntchito ija. Abale Jira. Kusuntha ticket imodzi kuchoka In Progress kupita Done ikufunsa ma field 7. Ine ndinabwerera ku Trello pa ntchito zanga, makadi atatu basi

scrum_masta_wanu
Ma field amenewo sanabwere okha, anawaika ndi munthu wa kwanu konko. Jira mutha kuipanga kukhala yophweka ngati Trello yomweyo. Ndipo zomwe mukufotokozazi si Scrum, ndi ulamuliro wakale womwewo wangovala malaya atsopano. Anthu 17 omwe anakumana ku Snowbird, Utah mu February 2001 n'kulemba Agile Manifesto, chikalata cha mfundo za Agile zomwe Scrum imatsatira, anaika anthu ndi kukambirana patsogolo pa zida ndi ndondomeko, lero ife tikutumikira chida

chidule_dev
Aliyense amene Scrum yamukanika mumati sanaichite bwino. Nanga amene anaichita bwino ali kuti tikawaone?

kanban_chete
Ife tinasiya ma sprint, tinangotsala ndi bolodi ndi lamulo limodzi, munthu asakhale ndi ntchito zoposa ziwiri zotsegula. Ukafuna kuyamba yachitatu maliza kaye imodzi kapena kathandize mnzako. Nzeruyi inachokera ku mafakitale a Toyota. Zinatithandiza chifukwa kale tinkakhala ndi zinthu 15 zoyambidwa, chomalizidwa palibe

madala_a_SRS
Ana inu mukuvutika chifukwa munataya kulemba. Kale tinkakhala mwezi wathunthu tikulemba requirements, client asayine tsamba lililonse, kenako design, kenako code, kenako test. Akabwera ndi GPS yake pakati timamuonetsa siginecha yake. Agile yanuyi ndi imene inaphunzitsa ma client kuti atha kusintha maganizo Lachiwiri lililonse

gogo_COBOL
Madala anzanga, tonse tinakulira momwemo koma tisanamize ana. Ma document aja client ankasayina osawerenga, n'kudzaona system patatha chaka n'kunena kuti si zomwe ndinkafuna. Winston Royce yemwe amati ndiye anajambula waterfall, njira mwafotokozayi, mu 1970, mu pepala lomwelo anachenjeza kuti kuyenda ulendo umodzi choncho, test n'kubwera kumapeto, n'koopsa. Anthu anakopera chithunzi n'kusiya chenjezo. Koma pa siginecha ndili nanu, chosintha chilichonse chilembedwe.

Mayi_QA
Test kumapeto ndi yomwe inagwetsa HealthCare.gov, webusaiti ya boma yolembetsera inshuwalansi ya zaumoyo ku America. Tsiku lotsegulira linali lokhomedwa, 1 October 2013, makampani ambiri aliyense akupanga chigawo chake, ndipo kuyesa system yonse pamodzi kunachitika kutatsala masabata ochepa. Itatsegulidwa anthu ambiri sanathe n'kulembetsa komwe. Ndalama zinalipo, anthu analipo ambirimbiri. Nde a bwana anuwo asaganize kuti chosowa ndi manja

admin_wa_gulu
Abale za Jira ndi waterfall tsegulani ulusi wina. Mnzathu akukumana ndi bwana wake mawa, mpatseni zoti akanene

PM_wosagona
Chabwino. Achimwene musapite kukanena kuti "sizitheka", mawu amenewo ife timangomva ngati kukana. Musapitenso ndi dzina la Brooks, bwana sasamala za buku. Usiku uno khalani ndi anzanu atatuwo ola limodzi, lembani chilichonse chomwe chatsala, ngakhale zing'onozing'ono zomwe aliyense amaiwala, kuika app pa Play Store, server ya production, kusamutsa data ya ma driver, kuwaphunzitsa, test. Chilichonse chikhale ndi nambala zitatu zija za a nambala_man. Kenako gawani, ziti zomwe popanda izo driver sangagwire ntchito tsiku loyamba, ziti zomwe zingadikire.
Mukalowa mu ofesi mukhale ndi njira ziwiri m'manja. Yoyamba, tsiku likhale lomwelo koma tipereke login, ma oda ndi kusayina pomwe pali netiweki, kwa ma driver ochepa kaye oyesera, offline ndi GPS zibwere pa gawo lachiwiri. Yachiwiri, akufuna zonse, tsiku lisunthe kufika pakuti. Iwo asankhe, ndi ntchito yawo imeneyo. Nthawi, kuchuluka kwa ntchito ndi ndalama sungazikhome zonse zitatu, ukakakamiza chomwe chimathawa mwakachetechete ndi ubwino wa code, ndipo ngongole imeneyo mudzailipira ndinu nomwe miyezi ikubwerayi.
Za anthu atatuwo musakane onse. Nenani kuti tipatseni tester mmodzi lero lomwe, ndi dev mmodzi wa ma PDF amene sadzafuna kulowa mkati mwa code yathu. Bwana akufuna kumva kuti wachitapo kanthu, mpatseni chochita chomwe sichikupwetekani. Ndipo muvomere kuti sabata yachitatu munawauza kuti zili bwino pomwe sizinali, mukayamba ndi kwanu iwo savuta kumva kwawo.
China, kuyambira pano client akabwera ndi chatsopano yankho ndi "chabwino, ndiye tichotse chiti?" Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ma client ena amafunika kuwathandiza kusankha.

error404_tulo
Nanga bwana akati njira zonse ziwiri ayi, ndikufuna zonse pa tsiku lomwelo?

PM_wosagona
Mutumizireni email yofotokoza zomwe mwakambirana ndi manambala anu, mwaulemu, n'kugwira ntchito maola anu. Tsikulo likafika pepala lidzayankhula

nambala_man
Ndiwonjezere kamodzi. Offline musaipatse nambala pano, simukuidziwa. Pemphani masiku awiri oti munthu mmodzi ayese kachidutswa, oda imodzi yokha isungidwe pa foni n'kutumizidwa netiweki ikabwera, ena amati spike. Akamaliza ndiye mupereke estimate. Nambala yomwe mungatchule lero ikhala yongolota ngati masabata 6 aja

backend_wotopa
Ndabwera ndi lipoti abale. Tinakhala usiku mpaka 9, mndandanda unatuluka zinthu 31, ine ndinkaganiza kuti zatsala mwina 12. Play Store tinali titaiwaliratu, a PM mwatipulumutsa pamenepo. M'mawa ndinalowa ndi pepala, ndinayamba ndi kupepesa za sabata yachitatu zija. Bwana anakwiya mphindi zingapo, anati bwanji simunanene, ndinangoti zoona bwana. Kenako anakhala chete akuwerenga, n'kufunsa kuti 13 uyu wachokera kuti kkkk a nambala_man munalosera. Asankha njira yoyamba, ayimbira client masana ano kuti tiyambe ndi ma driver asanu. Tester avomera. Koma pa ma dev akanirira awiri osati mmodzi, akuti wachiwiriyo analankhula naye kale sangamubweze, ndiye sindikudziwa timpatsa chani

frontend_dolo
Mpatseni GPS ayambe kufufuza payekha, asakhudze branch yanu

gogo_COBOL
Kapena alembe ma test a API, aphunzira code osaswa kanthu. Koma musankhe munthu mmodzi yekha womuyankha mafunso, ndipo asakhale inuyo

Mayi_QA
Tester akafika mumpatse build tsiku lomwelo, osati Lachisanu madzulo. Ndipo client akakana za ma driver asanuzo mubwere mutiuze

backend_wotopa
Bwana ali pa foni ndi client panopa, chitseko chatsekedwa, mphindi 40 tsopano